Kakiyi ka M'kamwa

1. Denga Lopapatiza

Kunyumba ankamuitana Chitsiriza, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Kusukulu anzake anamupatsa dzina lina, loti Chitseko, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Kaya akulemba, kaya akuyenda, kaya akumvetsera aphunzitsi, kukamwa kunkangokhala yasa.

"Tseka chitseko, ntchentche zilowa!" ankamukuwa choncho tsiku ndi tsiku.

Ana asukulu ali ndi nkhanza, inu, ndisakubisireni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo chifukwa chake. Mtsikanayu sankachita dala ayi. Mphuno zake zinkalowa mpweya wochepa kwambiri, moti akatseka pakamwa ankabanika. Akagona ankaliza mkonono, ndipo m'mawa ankadzuka kukhosi kutauma, mutu ukulemera. Mano ake am'mwamba ankagwera m'kati mwa am'munsi, choncho ankatafunira mbali imodzi.

Koma mutu wokha anali nawo. Pa mtsutso wa kusukulu, akaimirira kuti alankhule, ngakhale omunyoza aja ankakhala chete.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, makolo ake anamutengera kwa dokotala wa mano ndi nsagwada. Adokotalawo anali mayi wachikulire, wa imvi, wolankhula mosathamanga. Atamuyeza ndi kumujambula mafupa, anatenga chigaza cha pulasitiki pa shelefu n'kuchitembenuza.

"Taonani apa," anatero. "Ili ndi denga la m'kamwa, ndipo pamwamba pake pali mphuno. Fupa limeneli lili ndi mbali ziwiri zimene zimakumana pakati ngati msoko wa malaya. Kwa mwana wanuyu dengali ndi lopapatiza. N'chifukwa chake mano akusowa malo, mpweyanso ukusowa njira. Akanabwera ali ndi zaka khumi, tikanangolikankha ndi kachitsulo, msoko ukanatseguka wokha. Pano msokowo wakhwima, ukufunika kuuthandiza."

"Kuuthandiza kwake ndi mpeni?" anafunsa mayi ake, atagwira pamtima.

"Kale zinali choncho, mayi. Tinkamugoneka munthu ndi mankhwala, kung'amba nkhama kuchoka uku kukafika uku, kudula fupa mbali zonse, n'kumusunga m'chipatala nkhope itatupa. Njira imeneyo ilipobe, ndipo ena imawafunikabe. Koma kwa iyeyu tikhoza kuyesa yaing'ono. Timabaya jekeseni wa dzanzi, timacheka timabala titatu tosaposa chikhadabo, kenako timalowetsa kachipangizo kamene kamafooketsa fupa osawononga mnofu. Tikatero timamangirira kachitsulo padenga paja. Pakati pa kachitsuloko pali kabauti."

Bambo ake, amene ankangosinzirira pampando, anadzambatuka. Ntchito yawo inali yokonza makina osokera, ndipo mawu oti bauti ankawadzutsa kuposa tiyi.

"Ka mazinga ang'onoang'ono?" anafunsa, kunena timizere tozungulira pa bauti.

"Ang'onoang'ono zedi, bambo. Kutembenuza kamodzi kumatsegula pang'ono ngati kukhuthala kwa mapepala awiri kapena atatu."

Atatero adokotala anachotsa magalasi n'kumuyang'ana Chitsiriza m'maso.

"Tsopano undimvetsere iweyo, chifukwa m'kamwamu ndi mwako. Ntchito yanga ndi ya ola limodzi, koma yako ndi ya masiku makumi awiri. Pakadutsa masiku asanu nditakupanga opaleshoni, uyamba kutembenuza kabauti ndi kakiyi aka, kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Mbali ziwiri zija zizitalikirana pang'onopang'ono, ndipo pakati pake pazimera fupa latsopano. Pakati pa mano ako akutsogolo padzatseguka mpata. Udzadziona pagalasi ndipo sudzasangalala. Anzako adzaseka. Ukaona mpatawo udziwe kuti zinthu zikuyenda, ndipo tidzautseka bwinobwino pambuyo pake. Koma chonde, mwanangu, usadzaime panjira. Fupa la munthu wa msinkhu wako limapola msanga. Ukalisiya masiku angapo limayamba kugwirana, ndipo likagwirana kakiyi sikangalisunthenso. Zikatero chotsala ndi opaleshoni yaikulu ija. Wamva?"

"Ndamva, adokotala."

Kumva anamvadi. Tonsefe timamva bwino tikakhala pampando wa adokotala.

2. M'mawa ndi Madzulo

Tsiku la opaleshoni mayi ake ananyamula bulangeti, zovala zosintha ndi beseni, poganiza kuti agonako. Anabwerera nazo zonse pamutu tsiku lomwelo. Chitsiriza anatuluka akuyenda yekha, mlomo wam'mwamba utatupa pang'ono, akulephera kumva mphuno yake.

"Basi zatha?" anadabwa mayiwo. "Ine kulira konse kuja?"

Masiku asanu anadya supu, nthochi zokanya ndi mkaka. Tsiku lachisanu ndi chimodzi bambo ake anamuitanira m'chipinda chawo chogwirira ntchito, chimene chinali kumaso kwa nyumba. Munali fungo la mafuta a makina. Patebulo panali mitu itatu ya makina osokera, timabotolo todzaza ndi timabauti, ndi nyale yopindika khosi.

Bambowo anasamba m'manja kawiri. Kenako anatenga kakiyi kaja n'kukamangirira ulusi wolimba, mbali ina ya ulusiwo n'kuikulunga kuchala chawo.

"Ulusiwo ndi wa chiyani, ababa?"

"Kakagwera kukhosi ndikakawedze. Gona chagada, yasamula. Apa pokha ndiye dzina lako lakusukulu litithandiza."

Chitsiriza anaseka mpaka mlomo unamupweteka. Bambo ake analowetsa kakiyi m'kabowo ka kabauti, n'kukankhira chakukhosi pang'onopang'ono mpaka kabowo kena kanaonekera. Mtsikanayo anamva ngati wina wamudina ndi chala pakati pa maso. Patapita mphindi zochepa zinasiya.

Atamaliza, bambowo anakulunga ulusi pakakiyi mopingasapingasa monga amakulungira ulusi wa makina, n'kukaika m'kabokosi ka singano. Pakhoma anamatapo pepala limene adokotala anawapatsa, la timabokosi makumi anayi. Chitsiriza anachonga koyamba.

Zinayenda choncho mlungu wathunthu. Tsiku lachinayi pakati pa mano panalowa ulusi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri panalowa kamtengo ka machesi. Atapita kukaonetsa, adokotala anaomba m'manja.

"Msoko watseguka! Pitirizani chomwecho. Ndidzakuonaninso pakatha milungu iwiri."

3. Zenera

Kusukulu kunalibe woomba m'manja. M'kalasi mwawo munali mtsikana wina wolongolola amene onse ankamutchula Wailesi. Iyeyu ndiye anayamba kuona.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Chitseko chija chabereka zenera!"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Chitsiriza anaphimba pakamwa ndi kope.

Zoseka akanazipirira, poti anazizolowera. Chimene chinamubaya mtima chinachitika madzulo a tsiku lomwelo, pokonzekera mtsutso. Sukulu yawo inali itafika pa mpikisano womaliza, ndipo iye ndiye anasankhidwa kukatsegula mtsutsowo. Ataimirira n'kuyamba kulankhula, lilime linkagunda kachitsulo kaja, ndipo mpweya unkatulukira pampata wa mano ngati likhweru. Mawu oti "sukulu" anatuluka ngati akuitana galu.

Aphunzitsi a mtsutso, amene ana ankangowatchula Amadamu, sanaseke. Anali munthu wachilungamo koma wosanyengerera.

"Mfundo zako n'zabwino," anatero, "koma oweruza amapereka malikisi pa zimene amva. Mpikisano uli Lachisanu la mlungu wamawa. Lolemba masana ndidzamvetseranso nonse komaliza. Amene adzajombe tsiku limenelo, kapena amene mawu ake sadzamveka, malo ake ndidzapatsa wina."

Wina ameneyo anali Wailesi, ndipo aliyense ankadziwa.

Popita kunyumba Chitsiriza anawerengetsa ndi zala. Akapitiriza kutembenuza, pofika tsiku la mpikisano mpata udzakhala woti pensulo n'kulowa. Akaima, lilime lizolowera ndipo likhweru lichepa. Mpikisano ukatha adzapitiriza pamene analekezera. Ataganiza choncho anaona ngati watulukira nzeru imene adokotala sanaidziwe.

Madzulo bambo ake atatsegula kabokosi ka singano, iye anatambasula dzanja.

"Ababa, ndakula. Ndiloleni ndizitembenuza ndekha. Pagalasi la kubafa ndimaona bwino."

Bambowo ananyadira. Anamuonetsa kagwiridwe kake kawiri, anakulunga ulusi, n'kumupatsa kabokosiko.

Kuyambira tsiku limenelo Chitsiriza ankalowa kubafa m'mawa ndi madzulo atanyamula kabokosi. Ankatseka chitseko, ankatsegula mpopi, ankadikira pang'ono, kenako ankatuluka n'kukachonga pepala lija. Kabokosi sankakatsegula n'komwe.

Ndinene zoona, mawu ake anayambadi kumveka bwino. N'chimene chimapusitsa pa zinthu zoterezi, masiku oyamba zimaoneka ngati zikuyenda. Anachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi.

4. Diso la Wokonza Makina

Lolemba m'mawa, atavala kale yunifolomu, bambo ake anamuitana.

"Chitsiriza, tabwera nako kabokosi kaja."

Anabwera nako. Bambowo anatsegula, anatenga kakiyi n'kukayang'ana pansi pa nyale.

"Ulusiwu wakulunga ndani?"

"Ineyo, ababa."

"Iwe umakulunga ulusi ngati ukumanga mtolo wa nkhuni. Uku n'kukulunga kwanga, kwa Lachiwiri lapitali. Khala apa, yasamula."

Anapinda nyale n'kusuzumira m'kamwa. Milomo yawo inkagwedera, akuwerenga.

"Tsiku limene ndinakupatsa kakiyi, mazinga oonekera pa kabauti anali anayi. Lero akadali anayi. Pepala lili pakhomalo likuti akanayenera kukhala asanu ndi awiri."

Chitsiriza ankayembekeza kuti amukalipira, koma bambo ake anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Mwanangu, ndakhala ndikukonza makina zaka makumi awiri ndi zisanu. Makina amene amandivuta si othyoka ayi. Othyoka ndimachotsa chothyokacho n'kuika china. Amene amandivuta ndi amene mwini wake anawakankhira pakona n'kumati ndidzasoka mawa. Kunja amaoneka bwinobwino, koma m'kati mafuta amauma, zitsulo zimagwirana. Chachiwiri chimene chimandivuta ndi mwini makina wabodza. Amabwera n'kumati, 'Angoima okha, sindinawakhudze.' Ndiye ineyo ndimamasula chilichonse, kutaya tsiku lonse kufunafuna vuto kumene kulibe, nthawi zina mpaka kumasula zimene sizinafunike kumasula. Madzulo ndiye amaulula kuti anathiramo mafuta ophikira. Akanangonena m'mawa, ndikanadziwa pogwira. Ine sindikudziwa chimene chakuimitsa. Mwina ndi chachikulu kwa iwe, sindikuchipeputsa. Koma mano amenewa udzatafunira mpaka ukalambe, ndipo mphuno zimenezi udzapumira ine kulibe."

Misozi inayamba kugwera pa yunifolomu. Anawafotokozera zonse, za likhweru, za Amadamu, za Wailesi.

"Ndimati ndipitiriza Loweruka, ababa. Tembenuzani panopa, ndayambiranso."

Bambowo anasamba m'manja, anakulunga ulusi kuchala, analowetsa kakiyi n'kukankha. Sikanasunthe. Anayesanso, mosamala. Kanali gwa.

"Kankhani mwamphamvu!" analira Chitsiriza.

"Ayi. Bauti akakana sindimukakamiza ngakhale pa makina, nanji m'kamwa mwa mwana wanga."

Apa ndiye mantha anamugwira. Anakumbukira chala cha adokotala chikuyenda pa chigaza chija kuchoka uku kukafika uku.

"Tikapita mawa bwanji?" anafunsa ndi mawu otsika. "Lero masana Amadamu akusankha. Ndikajomba basi, malo anga apita."

Bambo ake anamatula pepala pakhoma, analipinda n'kumupatsa pamodzi ndi kabokosi.

"Ukudziwa zimene adokotala ananena za masiku. Ine sindikukoka ndi chingwe, wakula unanena wekha. Tiye pamsewu."

Pamsewu wawo basi yopita kusukulu inkaima tsidya lino, yopita kuchipatala tsidya linalo. Atafika, tsidya lino panali ana asukulu ambiri, ndipo basi yawo inkaoneka chapatali ikubwera. Bambowo anaima n'kupisa manja m'matumba.

Basi inafika. Ana anakankhana pachitseko. Mmodzi anasuzumira pazenera n'kukuwa, "Iwe Chitseko, ukwera kapena?"

Chitsiriza anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kuwoloka msewu. Bambo ake anamutsatira pambuyo. Ali m'basi, anawapempha foni n'kulembera Amadamu uthenga wachidule wonena kumene akupita ndi chifukwa chake.

5. Pepala Lonama

Kuchipatala kunali anthu ambiri, ndipo anadikira pabenchi mpaka masana. Nthawi imene namwino anawaitana inali nthawi yomweyo imene anzake kusukulu ankalowa m'chipinda cha mtsutso.

"Mwafulumira bwanji?" anadabwa adokotala. "Tsiku lanu si la mlungu wamawa?"

"Kabauti kakukana," anatero bambo ake.

Adokotala anavala magolovesi, anamugoneka Chitsiriza pampando n'kuyatsa nyale. Anayeza mpata wa mano ndi kachitsulo koyezera, nkhope yawo n'kusintha.

"Pepala lija lili kuti?"

Chitsiriza analitulutsa m'thumba. Adokotala analiyala patebulo n'kuyendetsa chala pa timabokosi tonse tochongedwa.

"Mmm. Pepalali likuti sunaphonye ndi tsiku limodzi lomwe. Ngati ndi choncho, ndiye kuti kachitsuloka kalephera ntchito ndipo fupa lako lakana njira yaing'ono. Zimachitika kwa anthu ena, si mlandu wa munthu. Sindingalimbanenso ndi kabauti, ndingangokuvulaza. Tiyenera kulemba tsiku la opaleshoni yaikulu."

Anatenga cholembera n'kutsegula buku la masiku.

Bambo ake ankayang'ana nsapato zawo. Akanatha kumulankhulira, koma sanatero, ndipo ine ndimawapatsa ulemu pa chimenechi.

"Adokotala," anatero Chitsiriza. Mawu anatuluka ndi likhweru, koma sanasamale. "Pepalalo likunama. Ndalinamitsa ndine. Sindinatembenuze kuyambira Lachiwiri madzulo. Ndimangochonga."

Adokotala anaika cholembera pansi.

"Masiku angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Sunayese kubweza kabauti m'mbuyo?"

"Ayi. Kakiyi sindinakakhudze n'komwe."

"Chifukwa?"

Anawauza za mtsutso. Adokotala anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anapumira m'mwamba.

"Ndakwiya nawe, sindikubisira. Ndinakuchenjeza ndi pakamwa pangapa. Koma uone chimene wachita panopa. Ukanakhala chete, ine ndikanakhulupirira pepala, chifukwa m'kati mwa fupa sindikhalamo. Ndikanakulembera opaleshoni imene mwina sukuifunika. Dokotala amachiza zimene wauzidwa ndi zimene waona, ndipo zikasemphana wovutika ndi wodwala. Ndaonapo akuluakulu a ndevu zawo akundinamiza pampando umenewu chifukwa cha manyazi. Ena amati mankhwala amwa onse pamene ali m'thumba. Amatuluka muno ulemu wawo uli bwinobwino, matenda n'kupita nawo kunyumba. Iwe wasankha manyazi a mphindi imodzi, ndipo wandipatsa pogwira. Masiku asanu ndi limodzi ndi ambiri, koma mwina fupa latsopanolo likadali lanthete. Tiye tikajambule."

Chithunzi chitatuluka, anachiika pagalasi lowala n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Pakati pa denga panali kamzere kakuda, ndipo chakumbuyo kwake kanali katayamba kuyera.

"Apa kuyeraku ndiye kugwirana kumene ndinkanena," anatero akuloza. "Kwayamba, koma sikunafike kutsogolo. Ndiyesa kamodzi. Kakakana, sindikakamiza."

Anamubaya jekeseni wa dzanzi n'kudikira kuti agwire. Kenako anatenga kiyi wawo wa chogwirira chachitali.

"Bambo, mugwireni dzanja. Iwe, puma pang'onopang'ono."

Analowetsa kiyi n'kuyamba kukankha, osati mothamanga, koma osalekeza. Chitsiriza anamva kulemera pakati pa maso, kukukulirakulira, mpaka misozi inatuluka yokha. Anafinya dzanja la bambo ake. Mwadzidzidzi m'kati mwa mutu munamveka kuti the, ngati wina wathyola kamtengo kouma kutali.

"Kayenda!" anafuula bambo ake, amene anali atasuzumira pamwamba pa phewa la adokotala. "Kabowo kena katuluka, ndakaona!"

"Bambo, mukunditchinga kuwala," anatero adokotala, koma nawonso ankamwetulira.

Anatembenuzanso kachiwiri, ndipo kabauti kanayenda mosavuta. Chitsiriza ankalira ndi kuseka pamodzi, mlomo wadzanzi uli lende.

6. Lachisanu

Atadzuka pampando, adokotala anatenga pepala latsopano n'kujambulapo timabokosi.

"Tisasangalale mopitirira," anatero. "Kabauti kayenda, koma sindikudziwa ngati mbali zonse ziwiri zikutseguka mofanana. Mbali imodzi ikatsalira, nsagwada ikhoza kupendekeka, ndipo chimenecho tiyenera kuchigwira msanga. Bambo, kakiyi kabwerere m'manja mwanu."

"Ayi, adokotala," anatero bambowo. "Azitembenuza yekha. Ine ndizingomugwirira nyale."

Adokotala anawayang'ana onse awiri, n'kupereka pepalalo kwa Chitsiriza.

"Chabwino. Tsono ndikufuna kukuona pakatha masiku anayi, osati asanu. Wojambula mafupa amakhalapo m'mawa wokha tsiku limenelo. Ubwere Lachisanu, naini koloko."

Bambo ake anatsegula pakamwa kuti alankhule, chifukwa ankadziwa kuti mpikisano uja ukuyamba Lachisanu nthawi yomweyo, kutsidya lina la mzinda. Mwana wawo anawagwira mkono.

"Ndibwera, adokotala."

"Palibe china chimene chikukudikira tsiku limenelo?"

"Chinalipo," anatero Chitsiriza. "Ndibwera."

Anatuluka m'chipindamo atafumbata kabokosi ka singano. Sanaphimbe pakamwa, ngakhale pamene kamwana kena pabenchi kanamuloza ndi chala.

Atakhota pakona ya khonde, anaima mwadzidzidzi, bambo ake mpaka anamugunda kumsana. Pampando woyandikana ndi chitseko chotulukira panali patakhala Amadamu, choko chikadali pa siketi. Pambali pawo panali Wailesi, ali duu kwa nthawi yoyamba chibadwire, atanyamula makadi a mfundo zonse zimene Chitsiriza analemba.

Amadamu anaimirira.

"Uthenga wako ndauwerengera gulu lonse," anatero. "Khala pansi. Malo ako Lachisanu atenga mnzakoyu. Koma ali ndi mawu opepesa, ndipo wakana kuwanena iwe kulibe."